Yankho: Bridge ya gitala yamagetsi muiike pati?

Achimwene, mwafunsa malo oboola mabowo a bridge, chitsulo chomwe nsambo zimatsamira pa thupi la gitala yanu. Musaboole kaye. Yambani mwamangirira khosi m'malo mwake, chifukwa muyeso wonse umayambira pa nut (kachidutswa ka kumutu kwa khosi komwe nsambo zimadutsapo), osati m'mphepete mwa thupi.

Yezani kuchokera pa nut, mbali yoyang'ana mafreti (tizitsulo topingasa pakhosi), kukafika pakati pa freti ya 12, muchulukitse kawiri. Ngati mwatsata muyeso wa magitala a Fender mupeza 324 mm, ndiye kuti nsambo italike 648 mm kuchokera pa nut kufika pa bridge. Wa Gibson ndi pafupifupi 628 mm.

Komatu saddle, kachitsulo ka pa bridge komwe nsambo iliyonse imakhalapo, siikhala ndendende pamene muyesowo wathera. Mukadinikiza nsambo imakokeka pang'ono, mawu n'kukwera, makamaka nsambo zonenepa. Choncho saddle ya nsambo ya E yowonda imabwerera m'mbuyo (kutali ndi khosi) pafupifupi 1.5 mm, ya E yonenepa 3 mpaka 5 mm. N'chifukwa chake musanaike chizindikiro, sunthirani ma saddle pafupi ndi kutsogolo kwenikweni, mpata wotsala ukhale wobwerera m'mbuyo.

Kenako gonekani rula yaitali mbali zonse ziwiri za khosi, mujambule mizere pathupi. Bridge ikhale pakati penipeni pa mizereyo. Mukaphonya apa, nsambo yakumapeto izidzatsetsereka m'mphepete mwa mafreti mukamaimba.