Za mtengo wa pachithunzi uja

Eee msuweni, ndamva uthenga wako. Akuti mtengo wamaluwa achikasu uli kumbuyo kwanga pachithunzi ndi mtengo wanji, ndipo ungamere ku Dedza? Iweyo kufunsa za maluwa? Unayamba liti?

Chabwino. Kuno amati golden wattle, duwa la dziko la Australia, analikhazikitsa mu 1988. Si chimtengo ayi, ndi chitsamba chotalikirapo basi. Chimamera chokha m'tchire kuno ku Victoria ndi ku South Australia, pansi pa mabulugamu, pouma pamiyala poti chimanga sichingayerekeze n'komwe. Maluwa ake ndi timipira taubweya, amachuluka cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Njere zake n'zolimba gwa, zimangogona m'dothi kudikira moto. Moto ukadutsa, mvula n'kugwa, zimamera mothithikana.

Mabulugamu ndatchulawa... ukuwakumbuka amalume? Anabwera ndi mbande panjinga, n'kukadzala m'mphepete mwa dimba la agogo usiku. Ayi, sunali usiku, unali m'bandakucha, paja amayi anawapezerera popita kukatunga madzi, iwo n'kunamizira kuti akufuna mbuzi yosokera. Mbuzi, khasu lili m'manja! Akuti mitengo ikakula aliyense adziwa pamene pali malire. Inakuladi. Chitsime chija n'kuphwa, agogo n'kusiya kulima mpiru. Ndiye pamaliro paja amalume omwewo ndi amene ankadandaula kwambiri kuti madzi a tiyi akuchedwa. Hahaha! Malirewo mpaka lero anthu akulozeranabe zala.

Ndiye usandizungulire, iwe ukufuna kutchinga munda wakumtunda uja. Njere sinditumiza. Ku South Africa anautenga okha mtengowu kalekale, makungwa ake amafufutira zikopa, koma lero ku Western Cape akuvutika kuuzula. Nanga kwathu komwe tchire timatentha chaka ndi chaka posaka mbewa? Mtengowu ukangolowa m'munda mwa eni ake, mlandu ndi wako.

Sinditumiza, wamva? Tenga azakhali mupite kwa amfumu, akaloze malirewo masana anthu akuona. Ukafuna chodzala pambuyo pake, dzala msangu, chimanga chimakondwa pansi pake.

Koma za njere zakunozi iwala ndithu. Dikira, sitima yanga yafika, uwapatse moni azakhali.