Mafunso Anu: Miyala isanu yapereka zaka zosiyana, tikhulupirire uti?

FUNSO: Akatswiri akamanena kuti mwala wakhala pamtunda zaka 18,000, amakhala atayeza chiyani? (Mphunzitsi wa jogalafe)

YANKHO: Aphunzitsi, amawerenga maatomu osowa amene amabadwa m'mwala ukamawombedwa ndi cheza chochokera kutali m'mlengalenga, chotchedwa cosmic rays. Wodalirika kwambiri ndi beryllium-10, amene amapangika mu quartz (timibulu tolimba tonga galasi topezeka m'miyala yambiri) ndipo theka lake limatha pakapita zaka 1.39 miliyoni. Pamalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere, kutali ndi equator, galamu imodzi ya quartz imapeza maatomu pafupifupi 4 pachaka. Pamapiri aatali imapeza ochuluka kangapo, poti mpweya wotchinga ndi wochepa. Chezachi sichilowa kwambiri: mukatsika masentimita 60 m'mwala, kapangidweko kamatsala pafupifupi 37 pa 100. N'chifukwa chake amagoba masentimita 2 mpaka 5 apamwamba okha, n'kulemba kutalika kwa malowo ndi mapiri otchinga thambo. Ku labotale amasinja zogobazo, kutsuka quartz ndi asidi wamphamvu wa HF (hydrofluoric acid), kenako kuwerenga maatomuwo pa makina owerengera maatomu osowa otchedwa AMS.

FUNSO: Tinayeza miyala isanu pa moraine imodzi, mtumbira wa miyala ndi dothi umene madzi oundana anasiya. Tapeza zaka 18,200, 18,600, 17,900, 18,400 ndi 12,100, uliwonse ±500 (muyeso ungaphonye ndi zaka 500 uku kapena uku). Tingotenga avereji? (Wophunzira sayansi ya miyala)

YANKHO: Musathamangire avereji. Yambani mwafunsa ngati kusiyanaku kungachokere ku zolakwika za muyeso zokha. Chida chake ndi reduced chi-square. Pa mwala uliwonse chotsani avereji, gawani ndi 500, chulukitsani yankholo ndi lokha, phatikizani zonse, kenako gawani ndi chiwerengero cha miyala kuchotsapo umodzi. Yankho likakhala pafupi ndi 1, miyalayo ikunena chimodzi. Pa miyala yanu isanu avereji ndi 17,040 ndipo chi-square ikufika pafupifupi 31. Pamenepo palibe zokambirana: zaka 17,040 sizikuimira chilichonse chimene chinachitika pamalopo. Mukapatula wa 12,100, inayi yotsalayo ikupereka 18,275 ndi chi-square ya 0.36.

Koma kupatula mwala kumafuna chifukwa. Njira zamasamu zotchedwa za Chauvenet ndi Peirce zimathandiza kuloza mwala wosochera, ngakhale pa miyala isanu yokha mphamvu yake ndi yochepa. Bwererani ku zithunzi ndi zolemba za kumaloko. Kodi mwalawo ndi waufupi? Uli potsetsereka? Mwala umaoneka wazaka zochepa ukakhala kuti unakwiririka m'dothi n'kudzavundukuka mtumbira utakokoloka, kapena unagubuduzika, kapena unkafundidwa ndi chipale chofewa miyezi yambiri pachaka. Umaoneka wazaka zambiri ukakhala kuti unawombedwa kale ndi cheza usanasunthidwe, n'kubwera ndi maatomu akale.

Apa kamwazikidwe ka zakazo kamanena zambiri kuposa avereji. Zambiri zikaunjikana kuzaka zazikulu, zochepa n'kutsalira kuzaka zazing'ono, vuto ndi kukokoloka, ndipo miyala yakale kwambiri ndiyo ili pafupi ndi zoona. Zikaunjikana kuzaka zazing'ono, umodzi kapena iwiri n'kupitirira, ganizirani za maatomu akale aja. Kafukufuku wa Jakob Heyman ndi anzake wa mu 2011, amene anasonkhanitsa zaka za miyala yochuluka ya madzi oundana, anapeza kuti kutchingika kwa mwala utafika kale pamalo kumasokoneza kawirikawiri kuposa maatomu akale. Komabe kusankha mwala wakale kwambiri nthawi zonse, osayang'ana malo, n'kuika zaka za mtumbira wonse pa mwala umodzi.

Chenjezo lina ndi ili. Miyala inayi ya ±500 imatsitsa kukayikitsa kwa avereji kufika pa ±250, koma uku ndi kwa labotale kokha. Kukayikitsa kwa liwiro la kapangidwe ka maatomu kumagwera miyala yonse mofanana, choncho sikuchepa ngakhale muwonjezere miyala 50. Chowerengera cha pa intaneti cha CRONUS-Earth, chimene Greg Balco ndi anzake anafotokoza mu 2008, chimapereka manambala onse awiri a kukayikitsa: ya labotale yokha, ndi yaikulu yophatikizapo liwirolo. Poyesa chi-square gwiritsani ntchito ya labotale. Poyerekeza ndi zaka zopezeka ndi njira ina, monga ya radiocarbon, gwiritsani ntchito yaikuluyo. Lembaninso njira yosinthira liwiro molingana ndi malo imene mwasankha, kaya ya Lal ndi Stone kapena LSDn, ndipo onetsani miyala yonse, ndi wopatulidwa yemwe.

FUNSO: Nanga pa chidikha chakale cha mtsinje, pomwe pali mchenga ndi timiyala tokha? (Woyeza malo)

YANKHO: Pamenepa maatomu akale sapeweka, chifukwa mchenga uliwonse unayenda pamtunda usanafike. Kumbani dzenje lakuya mamita 2 kapena kupitirira, mutenge mchenga pamalo 5 kapena 6 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Maatomu amachepa mofulumira mukamatsika, kenako amaima pamlingo umodzi. Mlingo wapansiwo ndiwo maatomu amene mchenga unabwera nawo, ndipo otsalawo mukauchotsa ndi amene abadwa pamalopo. Pulogalamu ya Alan Hidy ndi anzake ya mu 2010 imayesa mwachisawawa zaka, kukokoloka ndi maatomu akale maulendo masauzande, n'kusunga zokhazo zogwirizana ndi muyeso. Njirayi imatchedwa Monte Carlo.

Zimalakwika pawiri. Choyamba, dothi likavundulidwa ndi mizu kapena nyama zokumba, miyeso ya mchenga wapamwamba imafanana ndipo iyenera kusiyidwa. Chachiwiri, zaka ndi kukokoloka zimabisalirana: malo akale okokoloka angafanane ndi malo atsopano osakokoloka. Tengani chitsanzo cha mwala wotha milimita imodzi pa zaka 1,000. Pa zaka 20,000 zaka zotuluka zimaperewera ndi zosakwana 2 pa 100, koma pa zaka 200,000 zimaperewera ndi pafupifupi 15 pa 100. Choncho yezani kulemera kwa dothi m'dzenje momwemo, ndipo ikani malire a kukokoloka ochokera ku umboni wa pamalopo musanayambe kuwerengetsa.