Mafayilo a ku Raleigh: bwanji wina analandira chipukutamisozi, wina ayi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Charlotte, ku North Carolina. Ndayifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu:

"Agogo amene ndimawasamalira anandiuza kuti ali mtsikana anawatseka kuchipatala kuti asabereke, osawafunsa. Mnzawo wina amene anachitidwa zomwezo analandira ndalama kuboma, koma iwo anawakaniza, ati dzina lawo mulibe m'mafayilo. Kodi ndi mafayilo anji amenewa? Nanga boma limasungiranji zinthu zochititsa manyazi chonchi, osangoziwotcha kuti anthu apume?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani kuti mwasenza nkhani yolemera chonchi muli pantchito. Zimene agogowo akunena si zobwebweta za ukalamba ayi. Zoterezi zinachitikadi, ndipo mapepala ake alipo.

Ku America nkhani za umoyo, zipatala za odwala matenda a maganizo ndi chithandizo cha osauka zimakhala kwambiri m'manja mwa boma la siteti, osati la ku Washington. Choncho mafayilo mukufunsawa ndi a boma la North Carolina, ndipo amasungidwa ku Raleigh, ku State Archives of North Carolina, kumene amasunga zikalata zakale za boma.

Mu 1929 siteti imeneyi inakhazikitsa lamulo lolola kutseka anthu amene boma lawaona kuti sayenera kubereka. Mu 1933 khoti lalikulu la sitetiyo linalikana lamulolo chifukwa munthu ankatsekedwa osadziwitsidwa komanso osapatsidwa mpata woyankhapo. Inu mukanaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu: chaka chomwecho aphungu analilembanso, nakhazikitsa bungwe la Eugenics Board, logamula za anthu oti atsekedwe. Munali anthu asanu: mkulu wa zachisamaliro cha anthu, mkulu wa zaumoyo, madokotala akuluakulu awiri a zipatala za boma, ndi loya wamkulu wa boma. Kuyambira 1929 kufika 1974 anthu pafupifupi 7,600 anatsekedwa. Ambiri anali akazi, ndipo oposa 2,000 anali a zaka 18 kapena kucheperapo.

Masiteti oposa 30 anali ndi malamulo otere, koma North Carolina inali ndi kake kapadera. Kwina konse ankatseka makamaka anthu ogonekedwa m'zipatala za boma. Kuno wogwira ntchito ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, yemwe uja amabwera pakhomo kudzaona ngati banja likuyenera kulandira chithandizo, anali ndi mphamvu yolemba pempho loti munthu wa kumudzi atsekedwe. Ndiye chifukwa chake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, masiteti ena akuchepetsa, kuno zinakwera. Pofika zaka za m'ma 1960 amayi achikuda ndiwo anali ochuluka pakati pa otsekedwa. Ndipo dera lanulo, Mecklenburg County, mmene muli Charlotte, ndilo linatseka anthu ambiri kuposa kaunte (dera la m'siteti) ina iliyonse: 485.

Tsono fayilo ya munthu mmodzi imakhala ndi chiyani? Muli pempho lochokera ku ofesi kapena kuchipatala. Muli mbiri ya banja monga anailembera wa ofesiyo: nyumba ndi yotani, bambo amamwa kapena ayi, ana alipo angati, mtsikanayo amayenda ndi ndani. Muli zotsatira za mayeso a nzeru, ndipo wopeza zosapitirira 70 ankamuika m'gulu la operewera nzeru. Muli fomu yovomereza, yosainidwa ndi mwiniwake kapena wachibale. Kenako pali maminitsi a bungwe, osonyeza kuti pempho lavomerezedwa. Kukana kunali kwa apo ndi apo. Mapempho oposa asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse ankadutsa.

Fomu yovomerezayo ndiyo imandiwawa kwambiri. Taonani nkhani ya Elaine Riddick, amene wakhala akuiyankhula yekha pagulu kwa zaka zambiri. Anagwiriridwa ali mwana ku Winfall, tauni ya ku North Carolina, natenga pakati, nabereka mu 1968 ali ndi zaka 14. Anamutseka pa nthawi yobereka yomweyo. Agogo ake aakazi, osadziwa kulemba, anaika X pa fomu. Pepala likuti banja linavomera. Koma pepala silikuuzani kuti gogoyo ankadalira chithandizo cha boma kuti adye, ndipo amene anabweretsa fomu ndi ofesi yomweyo yopereka chithandizocho. Fayiloyo inamulemba mwanayo kuti ndi woperewera nzeru komanso wachiwerewere. Mwana wogwiriridwa! Iye anadzazindikira zimene anamuchita atakwatiwa ku New York, mimba ikukanika. Anasumira boma, mlandu unazengedwa mu 1983, ndipo unamugomera.

Apa mpomwe ndikufuna mumvetse, Mayi. Mafayilo amenewa sanalembedwe kuti adzathandize agogo anuwo. Analembedwa kuti awatsutse. Mawu onse ali mmenemo ndi a wogwira ntchito wa boma, ndipo mwini nkhani sapatsidwa mkamwa. Wowerenga azikhulupirira deti, dzina la chipatala ndi siginecha ya bwana, koma zonena za khalidwe la munthu aziziwerenga ndi diso limodzi.

Komabe ndi mapepala omwewa amene anadzagwira boma pakhosi. Bungwe lija linathetsedwa mu 1977, mafayilo nakagona m'makatoni, anthu n'kuiwala. Katswiri wa mbiri yakale, Johanna Schoen, analoledwa kuwawerenga pa kafukufuku wake, ndipo patapita zaka anagawana zimene anapeza ndi atolankhani a Winston-Salem Journal. Mu December 2002 nyuzipepalayo inatulutsa nkhani zotsatizana, ndipo mwezi womwewo gavanala Mike Easley anapepesa. Mu 2003 lamulo lija linafafanizidwa. Anthu ngati Riddick ndi Nial Cox Ramirez, mayi wina amene anatsekedwanso, anali atayankhula kale kuyambira m'ma 1970, koma mawu a mayi wosauka wachikuda ankangopita ndi mphepo. Zitatuluka zolemba za boma lenilenilo, zokhala ndi mayina a mabwana, panalibenso pothawira. Akuluakulu amati mlandu suola, koma uwu ukanaola bwinobwino makatoni aja akanapsa.

Ndalama zinachedwa. Komiti ya gavanala Bev Perdue inanena mu 2012 kuti aliyense alandire $50,000, koma aphungu a Senate ya sitetiyo anakana. Mu 2013 ndi pamene anaika $10 miliyoni mu bajeti, ndipo North Carolina inakhala siteti yoyamba kulipira anthu otere. Anapereka katatu: $20,000 mu 2014, $15,000 mu 2015, ndi zotsala zopitirira pang'ono $10,000 mu 2018. Olandira anali anthu 220 ndi kanthu basi, mwa 7,600 aja.

Tifike tsono pa agogo anuwo. Lamulo la 2013 linaika zipata zitatu. Munthu akhale kuti anali moyo pa 30 June 2013. Amene anamwalira tsikuli lisanafike, ana ndi abale ake sanapate kanthu ngakhale anapita kukhoti. Pempho lifike pasanadutse 30 June 2014. Ndipo chachitatu, chimene chinagwetsa ambiri: kutsekako kukhale kuti kunalamulidwa ndi Eugenics Board. Umboni wake unali umodzi, dzina kupezeka m'mafayilo a ku Raleigh. Bungwe lina la boma la sitetiyo, la Industrial Commission, ndilo linkagamula mapemphowo.

Vuto ndi loti si onse amene anadutsira ku Raleigh. Panali ena amene anatsekedwa ndi dokotala wa m'dera mwawo mogwirizana ndi ofesi ya kaunte, pempho osatumizidwa n'komwe kulikulu. Ena anatsekedwa 1974 itadutsa. Chipsera pamimba ndi chimodzimodzi, kusowa mwana n'chimodzimodzi, koma m'katoni mulibe dzina. Ambiri amene anakanizidwa anagwera apa, ndipo mmene mwafotokozera, zikuoneka kuti agogowo ali m'gulu limeneli. Mnzawo uja anachitidwa chipongwe motsata ndondomeko, fomu zonse zikudzazidwa, ndiye analipidwa. Iwo anachitidwa chipongwe mwachidule, ndiye sanalipidwe. Ine ndimaona kuti aphungu apa anachita ulesi wadala. Anasankha umboni wosavuta kuwerenga ndi wosadula, podziwa kuti maofesi a makaunte ndi mbali ya dongosolo lomwelo la chithandizo cha boma.

Ndiye kuwotcha kuja, ine ndikukana. Ndikumva chimene mukutanthauza: ndani angakonde kuti mdzukulu wake adzawerenge pepala lomunena kuti anali chitsiru ndi hule? Nkhawa imeneyo ndi yoona. Koma mankhwala ake si moto, ndi loko. North Carolina inaika m'malamulo ake kuti mafayilo a anthu amenewa si zikalata zoti aliyense angoitanitsa. Mwini fayilo, kapena amene wamupatsa mphamvu mwalamulo, angathe kupempha kope lake. Maminitsi ndi malipoti akamatuluka kwa ena, mayina ndi zizindikiro za anthu zimayamba zafufutidwa. Moto ukanateteza amene anasaina mapemphowo kuposa amene anagona patebulo la opareshoni. Onaninso kuti agogo anuwo akuvutika lero chifukwa pepala lawo palibe, osati chifukwa lilipo.

Mwina mukufunsa mumtima ngati pali chochita. Za ndalama za siteti, chitseko chinatsekedwa mu 2014 ndipo thumba linagawidwa lonse. Sindikufuna muwapatse chiyembekezo chabodza. Koma ngati iwo akufuna kudziwa chimene chinachitika, malo ofunsa si Raleigh yokha. Kuli chipatala chimene anachitirako opareshoni, ngati chikadalipo kapena ngati mabuku ake anasamutsidwira kwina. Kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kaunte imene ankakhala nthawiyo, yomwe mwina si Mecklenburg. Ngati anapempha chipukutamisozi, kalata yowakaniza ija inanena chifukwa chake, ndipo ndi yoyamba kuifufuza m'nyumbamo. Mayina ndi ofunika kusamala: mtsikana wa m'ma 1960 analembedwa ndi dzina la bambo ake, osati la mwamuna, ndipo akalaliki ankalakwitsa masipelo.

Chomaliza chikukhudza inuyo. Musapite kukafufuza nokha, ngakhale mtima ukuwawa. Malamulo a ntchito yanu pa zinsinsi za odwala ndi okhwima, ndipo mungathe kutaya ntchito. Kuposa pamenepo, nkhaniyi ndi yawo. Pali agogo ena amene ana awo owalera sadziwa n'komwe chifukwa chimene sanaberekere. Afunseni ngati akufuna kuona mapepalawo, ndipo muwachenjeze kuti mawu a mkatimo ndi achipongwe. Akati inde, pempho alembe okha kapena kudzera mwa wachibale amene ali ndi mphamvu yowasainira. Inu mungathe kuwapezera adiresi, ndi kukhala nawo pafupi tsiku limene envulopuyo idzafike.