Ndapeza vape m'chikwama cha mwana wanga

Funso: M'chikwama cha mwana wanga wa zaka 16 ndapezamo kachipangizo kokhala ngati cholembera chonenepa, konunkhira ngati switi. Iye akuti ndi vape, mulibe fodya, imangotulutsa nthunzi ya madzi. Bambo ake amasuta ndudu ndipo nawonso akufuna kuyesa. Zoona zake n'ziti?
Mayi wodandaula

Yankho: Amayi, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanafike patali. Mwanayo wanena zoona pa chimodzi chokha: mulibe masamba a fodya. Zoti ndi nthunzi ya madzi, ayi.

Mkati mwake muli batire ya lithium, kawaya kopindapinda, thonje ndi kathanki ka madzi a mankhwala. Munthu akakoka, batire imatenthetsa kawaya, thonje lonyowalo n'kutulutsa chifunga chomwe chimapita m'mapapo. Madziwo amakhala propylene glycol, glycerin, zonunkhiritsa ndi nikotini, chikonga chomwe chija chimamanga anthu ku fodya. Thonje likauma munthu n'kumakokabe, limapserera ndipo pamatuluka formaldehyde wambiri, mankhwala oyambitsa khansa.

Tengani paketi yake muwerenge. Akalemba 2%, ndiye kuti mililita iliyonse muli mamiligiramu 20 a nikotini, omwe ndi malire ovomerezeka ku Britain ndi m'mayiko a European Union. Akalemba 5%, ndi pafupifupi mamiligiramu 50. Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu. Ndudu yoyamba imatsokomoletsa, ndipo ana ambiri amagwa nayo ulesi pomwepo. Koma vape yotchedwa Juul itatchukitsa nikotini wa mtundu wa nicotine salts kuyambira 2015, wambiri chonchi amalowa mosakanda pakhosi. Komanso ndudu imatha n'kutayidwa, pamene vape imakhala m'thumba tsiku lonse, mwana n'kumakoka pang'onopang'ono osadziwa kuti wamwa wochuluka bwanji. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo wachichepere umazolowera nikotini msanga. Muonetsetse ngati amafuna kukoka akangodzuka, ngati amapsa mtima msanga akaisowa, kapena akuvutika kugona.

Si mwana wanu yekha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization likuti mu 2000 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ankagwiritsa ntchito fodya, pofika 2022 anali mmodzi mwa asanu. Akuluakulu akusiya, koma ana akulowera khomo lina: mu 2025 bungweli linati ana osachepera 15 miliyoni a zaka 13 mpaka 15 amasuta vape. Ku Britain analetsa kugulitsa ma vape otaya akatha kuyambira pa 1 June 2025.

Nkhani ya bambo ndi ina. Utsi wa ndudu uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Wosuta amene wasiyiratu ndudu n'kupita ku vape amachepetsa poizoni wolowa m'thupi, ngakhale kuti sanafike pabwino. Ambiri amalakwitsa pophatikiza, vape masana, ndudu madzulo. Mtima umavulala ndi ndudu zochepa zomwe, choncho kutero sikupindulitsa kwenikweni. Ife tikanakonda ayambe akaonana ndi dokotala za zigamba za nikotini zomata pakhungu, zomwe zimatsika kuchoka pa mamiligiramu 21 kupita pa 14, kenako 7.

Mwanayo musamuyambe ndi ukali, angabisale nayo. Mufunseni kuti amakoka kangati patsiku komanso anayamba liti, kenako mugwirizane tsiku losiya. Muuzeni kuti chibaba chimavuta kwambiri masiku atatu oyamba, n'kumachepa pakatha milungu iwiri mpaka inayi. Ngati chikumukanika, mupite naye kuchipatala, musamugulire nokha mankhwala.

Kachipangizoko musakaponye pamoto, batire yake imaphulika. Madzi akewonso akhale kutali ndi ana aang'ono, chifukwa mwana akawamwa ndi wofunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.