Musawalande foni amayi anu

Achemwali ena amene ali ku Johannesburg andilembera kuti anaika zithunzi ndi mavidiyo a ana awo pa Google Photos, pulogalamu yosungira zithunzi pa intaneti, kuti amayi awo kumudzi aziona adzukulu. Koma amayiwo akangotsegula amasokonezeka, kenako amaimba foni kudandaula kuti zithunzi zasowa. Akufunsa kuti awathandize bwanji.

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa bambo anga. Anaphunzitsa kupulayimale kwa zaka zambiri, munthu wosunga marejisitala a ana mwadongosolo, koma foni ikawaonetsa zithunzi zambirimbiri zondondozana ankangoti, "Izi n'za inu achinyamata." Mayi athu atamwalira, chimene ankafuna chinali vidiyo imodzi yokha, ya kwaya ya amayi a kutchalitchi, mayi ali pamzere wakutsogolo. Ankapukusa chala pagalasi mpaka kutopa. Vuto silinali nzeru zawo ayi. Pulogalamuyi imasanja zinthu potsata tsiku ndi mwezi, pamene bambo amakumbukira potsata zochitika: chinkhoswe cha mlongo wanga, chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata, maliro a agogo. Mukawafunsa kuti vidiyo ija inajambulidwa mwezi uti sangayankhe, koma amakumbukira mtundu wa chitenje chimene mayi anavala.

Ndipo pali khalidwe limene limandinyansa mwa ife ana. Kholo likangokakamira pang'ono, mwana amatambasula dzanja, "Bweretsani ndikupangireni." Amadinadina mwachangu, kubweza foni, basi wapita. Mawa kholo lija lili pomwe linali dzulo, ndipo tsopano likuchita manyazi kufunsanso. Kumeneko si kuthandiza. Ine ndimaona kuti ndi kupanda ulemu.

Ndinenenso za anyamata ena a m'mashopu a mafoni. Amatsegulira akuluakulu akaunti ya Gmail, password n'kuisunga m'mutu mwawo. Foni ya bambo itawonongeka, mnyamata amene anawatsegulira akaunti anali atasamuka, ndipo tinavutika kwambiri kuti tilowemonso. Komanso kuyambira Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zithunzi zake. Malo osungira zinthu nawonso ali ndi malire. Kuyambira pa 1 Juni 2021, zithunzi zatsopano zimadya pa 15 GB yaulere imene Google imapereka pa akaunti iliyonse, yomwe Gmail ndi Google Drive zimagawananso. Mavidiyo ndi amene amaidzadza msanga.

Ndiye muchite chiyani?

Musawaphunzitse pulogalamu yonse. Pangani shared album imodzi (chimbale cha zithunzi chimene mumagawana ndi ena), muitche dzina loti amayi alizindikire, monga "Adzukulu", ndipo muziikamo zithunzi zosankha, osati chilichonse chimene foni yanu yajambula. Atumizireni link yake pa WhatsApp, pamene anazolowera kale, ndipo wina wa kunyumba aiike chat imeneyo pamwamba kuti isamakwiririke ndi mauthenga a magulu. Mavidiyo akhale aafupi, chifukwa bandulo ya intaneti kumudzi ndi ndalama ya ndiwo.

Za kusowa kwa zithunzi, auzeni amayi kuti mtima ukhale m'malo. Chithunzi chimene chinasungidwa kale pa intaneti chikafufutidwa, chimakhala mu Trash, momwe mumapita zofufutidwa, kwa milungu ingapo ndipo chikhoza kubwezedwa. Akulu ambiri amaopa kudina chifukwa amaganiza kuti awononga zonse.

Pezani mdzukulu kapena mphwanu woleza mtima akhale nawo pamkeka, manja ake akhale pamiyendo, amayi ndi amene azidina. Abwereze mpaka atsegule okha. Password ilembedwe m'kope limene amasunga manambala a foni, ndipo inunso mukhale nayo kumeneko ku Joni.