Kuphunzitsa dzina lakuti "paper" kwa wophunzira wolankhula Chitchaina

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a uphunzitsi, ndipo madzulo ndimaphunzitsa Chingerezi mtsikana wa ku China amene makolo ake ali ndi sitolo mu Lilongwe. Akukonzekera mayeso a IELTS, amene amayesa luso la munthu pa Chingerezi. Amadziwa mawu ambiri, koma akafuna pepala lolembapo amati "give me a paper", ndipo akamanena za nyuzipepala amati "I read paper every day". Ndamuwongolera kambirimbiri koma sakusintha. Kodi ndingamuthandize bwanji?

Yankho: Mphunzitsi mnzanga, mwana ameneyu si waulesi, ndipo kumuwongolera chiganizo chimodzichimodzi sikudzathetsa vutoli chifukwa gwero lake lili m'chinenero chimene anayamwira. M'Chimandarini, chimene ndicho Chitchaina chophunzitsidwa m'sukulu za ku China, mulibe timawu tofanana ndi "a" kapena "the", ndipo dzina silisintha pofuna kusonyeza kuti zinthu zachuluka. Muli kachidutswa kakuti "men" komwe amaphatikiza kumapeto, koma kamagwira ntchito pa alowam'malo ndi pa mayina a anthu basi, monga "wǒmen", kutanthauza ife. Akafuna kuwerenga chinthu, amaika mawu oyezera pakati pa nambala ndi dzinalo. Pepala limodzi ndi "yī zhāng zhǐ", atatu ndi "sān zhāng zhǐ", ndipo "zhǐ" amakhalabe momwemo. Kwa munthu amene anakula akulankhula chotere, kusiyana kwa "paper", "a paper" ndi "papers" kumaoneka ngati kachinthu kokometsera chabe, pomwe m'Chingerezi timawu timeneti ndi timene tikusenza tanthauzo lonse.

Mwina mwaona kuti lamulolo amalidziwa mukamufunsa. Kuyambira m'chaka cha 2001, unduna wa zamaphunziro ku China unalamula kuti Chingerezi chiziyambira m'kalasi lachitatu la pulayimale, choncho ophunzira ambiri a kumeneko anamvapo za mayina a zinthu zowerengeka ndi zosawerengeka, amene iwo amawatcha "kěshǔ míngcí" ndi "bù kěshǔ míngcí". Chimene chimawasokoneza n'chizolowezi choloweza mawu pamndandanda, liwu limodzi la Chingerezi moyang'anizana ndi liwu limodzi la Chitchaina. Iye anasunga m'mutu kuti "paper" ndi "zhǐ", ndipo anaima pomwepo. Ntchito yanu ndi kumusonyeza kuti dzina limodzili likuimira mawu angapo osiyana a m'chinenero chake, ndipo kuti kamawu kotsogolera kapena lembo lotsiriza ndilo limauza womvera tanthauzo limene lasankhidwa.

Yambani ndi tanthauzo la chinthu chimene timalembapo, chimene timakulungira katundu, chimene amapangira mabuku. Pamenepa "paper" sawerengeka, choncho salandira "a" ndipo salandira "s". Timati "we need more paper", komanso "the box is made of paper". Tikafuna kuwerenga timabwereka mawu ena n'kunena kuti "a piece of paper", "two sheets of paper", kapena "a ream of paper", womwe ndi mtokoma wa mapepala 500 umene makolo ake mwina amagulitsa m'sitolo mwawo. Apa ndi pamene muli ndi mwayi waukulu, chifukwa "a sheet of paper" ndi "yī zhāng zhǐ" anamangidwa mofanana ndendende: nambala, mawu oyezera, kenako dzina. Muuzeni kuti pa tanthauzo ili Chingerezi chikuchita zimene chinenero chake chimachita tsiku ndi tsiku, ndipo kuti "sheet" akugwira ntchito ya "zhāng". Ndikukulimbikitsani kuti phunziro loyamba lonse lithere pamenepa, kufikira atazolowera kupempha pepala osaganiza kawiri.

Zikatero, mupatseni cholembera kuti alembe yekha m'zilembo za kwawo mawu atatu awa: "bàozhǐ", "lùnwén" ndi "shìjuàn". Loyamba ndi nyuzipepala, lachiwiri ndi nkhani ya kafukufuku imene ophunzira a ku yunivesite ndi akatswiri amalemba, ndipo lachitatu ndi pepala la mayeso. Onse atatuwa m'Chingerezi akhoza kutchedwa "a paper", ndipo amawerengeka. Motero "I bought a paper" ndiye kuti ndagula nyuzipepala, "she published three papers" ndiye kuti wasindikizitsa nkhani zitatu za kafukufuku, ndipo "the second paper was difficult" ndi mawu a munthu wotuluka m'chipinda cha mayeso. Tanthauzo lomalizali limamveka kwambiri m'Chingerezi cha ku Britain ndi cha mayiko amene anatengera maphunziro a kumeneko, monga kuno kwathu kumene MANEB imagawa phunziro limodzi m'mapepala angapo. Akaona mawu anayi a Chitchaina atandandalikidwa pansi pa liwu limodzi la Chingerezi, adzamvetsa yekha kuti pamene ankati "give me a paper" ankapempha nyuzipepala kapena mayeso, ndipo kumvetsa kumeneku kudzakhalitsa kuposa kudzudzula kwanu konse.

Palinso "papers" wokhala ndi "s" nthawi zonse, amene amatanthauza zikalata, makamaka zodziwitsa kuti munthu ndi ndani kapena zomuloleza kukhala ndi kugwira ntchito m'dziko. M'Chitchaina awa ndi "zhèngjiàn" kapena "wénjiàn". Banja limene likukhala m'dziko la eni limakumana ndi tanthauzo ili ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka ndiponso ku banki, choncho musalidumphe. Muwonjezerepo kuti "paper" akaima patsogolo pa dzina lina amakhala ngati mfotokozi ndipo sasintha, monga "paper bags", komanso kuti "paperwork" sawerengeka ngakhale ntchito ya zikalatayo itachuluka bwanji. Mawu akuti "on paper" muwasungire pambuyo, popeza ali ndi matanthauzo awiri: kulemba chinthu kuti chisungike, kapena kunena kuti chinthu chikuoneka bwino m'mapulani pomwe zenizeni zake sizinadziwike.

Tsopano ndikuchenjezeni za inu mwini, chifukwa ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wathu pa dzina lomweli. Tinabwereka liwuli n'kuliika m'gulu la Li-Ma, ndipo kwa ife pepala limawerengeka bwinobwino: pepala limodzi, mapepala awiri. Nafenso tilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the". N'chifukwa chake m'makalasi ndi m'maofesi ambiri mumamveka "give me a paper" kapena "bring some papers" munthu akungofuna polemba. Ngati wophunzira wanu akumva zimenezi kwa makasitomala m'sitolo tsiku lonse, ndiye kuti cholakwika chake chikutsimikizidwa m'mawa ndi masana, inu n'kumachichotsa kwa ola limodzi madzulo. Dzimvetsereni mmene mumalankhulira mukakhala naye, ndipo mufotokozereni mwaulemu kuti zimene amamva pamsika n'zomveka pakati pa anthu, koma woyesa mayeso adzaziona ngati cholakwika.

Za mtanthauziramawu, muletseni kudalira pulogalamu ya pafoni imene imangopereka liwu limodzi. Mupezereni mtanthauziramawu wa ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, umene umasonyeza pa tanthauzo lililonse ngati dzinalo likuwerengeka kapena ayi, ndipo ulipo wina wa Chingerezi ndi Chitchaina pamodzi. M'kope mwake asalembe dzina lili lokha. Alembe "a sheet of paper", "today's paper", "a research paper", "identity papers", aliyense ndi chiganizo chake chimene wapanga yekha kuchokera pa moyo wake. Ntchito ina yabwino ndi kumuuza kuti alembe ndime yaifupi yofotokoza za Cai Lun, nduna ya m'nyumba yachifumu ya Han imene mbiri ya ku China imati inapereka kwa mfumu njira yabwino yopangira mapepala m'chaka cha 105. Nkhaniyi anaiphunzira ali mwana, choncho maganizo ake onse adzakhala pa Chingerezi, ndipo ndimeyo idzamukakamiza kugwiritsa ntchito "paper" wosawerengeka m'ziganizo zingapo zotsatizana.

Mvetseraninso katchulidwe kake. Maphatikizo a Chimandarini amathera pa lembo la liwu, pa "n", pa "ng" kapena nthawi zina pa "r", motero "s" wa kumapeto amatayika mosavuta polankhula ngakhale wophunzirayo akumudziwa. Pa "papers" lembolo limamveka ngati "z". Mujambuleni mawu pafoni akuwerenga ziganizo zake, amve yekha pamene lembolo lasowa, chifukwa pa gawo lolankhula la IELTS woyesa amangomva zimene zatuluka pakamwa.

Pa gawo lolemba adzapatsidwa mphindi 60 kuti alembe ntchito ziwiri, yoyamba ya mawu osachepera 150 ndi yachiwiri ya mawu osachepera 250, ndipo zina mwa zimene amapatsira malikisi ndi kulondola kwa galamala ndi kasankhidwe ka mawu. Cholakwika cha "a" ndi "s" chikamabwerezedwa m'ndime iliyonse chimatsitsa malikisi a mwana amene mfundo zake n'zabwino, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni chifukwa n'zotheka kuzikonza. Akagwira bwino "paper", mutengereni ku mayina ena amene amasintha tanthauzo mwa njira yomweyi, monga "glass" ndi "glasses", "room" ndi "a room", "work" ndi "works", "experience" ndi "an experience". Pambuyo pake mufike pa "information", "advice", "furniture" ndi "equipment", amene salandira "s" m'Chingerezi cha mayeso, ndipo dzina lililonse mulipatse sabata yakeyake.