Kuyankha azakhali za mwana wa achimwene

Azakhali, ndamva uthenga wanu, pepani ndinali ku ntchito. Mwafunsa ngati mwana wa achimwene uja, amene amupeza ndi ndudu m'chikwama ali ndi zaka 14, watengera agogo ake akuchikazi omwe ankamwa kwambiri. Kuti kodi zimenezi zili m'magazi?

Eya, mbali ina n'zoona. Ku Missouri kuno ofufuza a ku Washington University ku St. Louis akhala akutsatira atsikana amapasa kuyambira ali achichepere, ndipo ena mwa iwo ndi akuda a ku America konkuno, ngati amayi ake a mwanayu. Amasankha mapasa chifukwa mapasa ofanana ndendende aja amakhala ndi chibadwa chimodzi, pamene osafanana amagawana pafupifupi theka lokha. Ndiye akaona kuti ofanana aja akuyamba kumwa pa msinkhu woyandikana kuposa enawo, amadziwa kuti chibadwa chalowererapo. Mu 2009 anapeza kuti mwa atsikana akudawa, mbali ina ya chibadwa chimene chimakankhira mwana kulawa mowa msanga imamukankhiranso ku fodya ndi chamba. N'chifukwa chake ndudu ija yandisowetsa tulo, azakhali. Sibwera yokha.

Koma chonde musamulembe mzere kuti basi watha. Chimene amatengera mwana ndi mtima wothamangira kulawa zinthu, wosachedwa kukopeka. Botolo ndi ndudu amazipeza kwa anzake, pagolosale yapakona, nthawi zina m'nyumba momwemo. Komanso atsikana akuda kuno ambiri amayamba mowa mochedwa kuposa azungu anzawo, anthu sadziwa zimenezi. Fodya wa menthol uja, wozizira kukhosi ngati switi, makampani anamutsatsa zaka zambiri dala m'madera a anthu akuda, ndipo savuta kuyambira chifukwa satsokomoletsa kwambiri. Afunseni achimwene kuti paketi ija inali yamtundu wanji.

Chimene chikundiopsa ine ndi msinkhu. Woyamba kumwa asanakwane zaka 15 amagwidwa ndi uchidakwa kaŵirikaŵiri kuposa woyamba atadutsa 20, ubongo umakhala usanakhwime. Lamulo kuno limati mowa ndi fodya ndi zaka 21, ndiye pali wina wamkulu akumugulira.

Auzeni achimwene asamukalipire pagulu lino, mwanayo amawerenga mauthengawa. Amuuze za agogo ake poyera, ali awiri, ndipo adokotala ake awadziwitse mbiri ya kubanjako. Loweruka ndikamutenga tikaluke tsitsi, ndikacheza naye m'galimoto.